Loweruka Limene Ndinakasaka a Sakala

Ndinanyamuka kwathu ku Chelstone, mu Lusaka, 7 koloko m'mawa, Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale ntchito. M'chikwama munali botolo la madzi oundana la theka la lita, mazira awiri owiritsa, zidutswa za ndimu ndi mapiritsi. Mkazi wanga, amake Dalitso, anasecha chikwamacho kawiri ngati ndikudutsa pa boda.

"Madzi amenewa ndi a tsiku lonse," anatero. "Osati a pa siteshoni."

Impso zanga zinasiya kugwira ntchito zaka zinayi zapitazo. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimakhala maola anayi pa makina a dayalisisi, amene amatsuka magazi ndi kuchotsa madzi otsalira m'thupi. Chimene ndamwa sichituluka chokha. Chimadikira makina, ndipo chikachuluka chimakadikirira m'mapapo. Ndinagwira ntchito yowerenga mamita a madzi mpaka kupuma, ndiye kuyeza madzi sikundivuta. Chondivuta ndi Okutobala.

Ulendo wanga unali wokasaka a Sakala. Iwo ndi mphunzitsi wa masamu wopuma, akazi awo anamwalira, ndipo kwa zaka zitatu akhala pa mpando woyandikana ndi wanga, tikukangana za mpira singano zili pamkono. Lachitatu sanabwere. Lachisanu sanabwerenso, foni yawo ili yozima. Anesi anati nawonso ayesa kuimba osawapeza, koma nambala ya nyumba sakanandipatsa, ndi lamulo. Kwathu ku dayalisisi, mpando ukakhala wopanda munthu kawiri, sitifunsa mokweza. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti amakhala ku Kabwata, pafupi ndi tchalitchi, pa geti ya buluu.

Minibasi yopita m'tauni inali K15. Ndinapempha mpando wa pawindo chakumanzere, chifukwa mkono wanga wamanzere uli ndi mtsempha umene madokotala anausoka kuti singano zizilowapo, ndipo sufuna kupanikizidwa. Kondakitala anauyang'ana mkonowo, n'kuona zotupa zake, n'kusuntha munthu wina popanda mkangano. Aka n'kokha kamene matendawa andipindulira pa msewu wa Great East.

Tisanafike pa Munali, mayi amene anakhala pambali panga anatulutsa nthochi m'chikwama.

"Ba tate, tengani imodzi."

"Zikomo mayi, sindidya nthochi."

"Ni chechi?"

"Ndi impso."

"Oo," anatero, akusenda. "Nenze naganiza ni chechi."

Anadya zitatu ndikuona. Nthochi, mapeyala, mbatata ndi tomato wambiri zili ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu. Impso zabwino zimautaya, koma kwa ife umaunjikana mpaka kusokoneza mtima. Sindinamufotokozere zimenezi. Ankaoneka kuti akusangalala.

Tinafika m'tauni 8 koloko itadutsa, ndipo ndinayenda wapansi kudutsa ku City Market kukagwira basi ya ku Kabwata. Lusaka ya Okutobala inamangidwira anthu a impso ziwiri. Masitepe khumi alionse pali wina ndi ndowa ya ayezi akukuwa kuti, "Manzi ozizila! Manzi!" Wina munkoyo, wina chibwantu, zakumwa zija za chimanga zonga thobwa, wina mavwende odula kale, madzi ake akuchucha pa tebulo. Ndinaika kachidutswa ka ndimu mkamwa n'kumayang'ana nsapato zanga. Pa ngodya ina ndinagula maapozi atatu a K20 okapatsa a Sakala. Apozi ndi chipatso chimene sichinatiyambepo.

Basi ya ku Kabwata inali K10, koma inatenga theka la ola kuti idzaze. M'katimo munali ngati mu uvuni. Madzi anga anali atasungunuka pang'ono, ndiye ndinamwa chivindikiro chimodzi, n'kuwasunga mkamwa nthawi yaitali ndisanameze. Bambo wina kumbuyo anafunsa ngati ali mankhwala. Ndinati inde.

Ku Kabwata ndinatsika cha m'ma 10 koloko. Kumeneko ndinaphunzira kuti matchalitchi ndi ambiri, ndipo penti ya buluu inatsikapo mtengo chaka china. Ndinagogoda pa mageti atatu. Pa loyamba a Sakala ake anali wowotcherera zitsulo, pa lachiwiri anali mzimayi, pa lachitatu galu ndiye anandiyankha. Miyendo inayamba kulemera, ndipo ndinakhala pa benchi ya kantemba kena, kagolosale kakang'ono ka malata, n'kudya dzira limodzi lopanda mchere.

"Muli shani ba tata?" anandilonjera mwini kantemba, mayi wonenepa wa Chibemba. "Mufuna ndani?"

Ndinafotokoza: wamtali, wa magalasi, woyenda ndi kope.

"Aa, ba ticha! Ni geti ija. Koma kulibe, anayenda ku Woodlands kuli mwana wao Chikondi. Anachila ba ticha. Dokota anabapasa holide."

Ndinasiya kutafuna. Pa dayalisisi palibe holide. Makina omaliza a Sakala anali a Lolemba, ndipo ili linali tsiku lachisanu.

Foni ya Chikondi mayiyo analibe, koma anapitako kamodzi ku phwando la ukwati, ndiye anandilongosolera njira: kupitirira sukulu, kukhotera kumanja, mpanda wachikasu wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Kenaka anandipatsa kapu ya munkoyo kwaulere chifukwa ndinkaoneka wotopa. Ndinathokoza, ndinakana, anakhumudwa, ndinapepesa. Kukana chakumwa kumanditengera nthawi yambiri kuposa kumwa.

Basi sindinaidikire. Watakisi anati K100, tinamvana K70. Anali bambo wa imvi, wokonda kucheza, ndipo atamva za impso anachepetsa wailesi.

"Pali mizu ina, mdala. Mlamu wanga anamwa wiki imodzi chabe."

"Ali bwanji tsopano?"

"Anamwalila. Koma sinali impso, anamuloza."

Tinapitiriza ulendo mpaka ku Woodlands. Maluwa a jakaranda anali atagwa m'misewu, ndipo mipanda yachikasu inalipo iwiri yokha, zimene ndinaziona ngati chifundo.

Chikondi anatsegula geti nthawi ili pafupi 12 koloko. Ndi mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, amagwira ntchito ku banki. Nditatchula dzina langa anasangalala. "Ndinu ankolo Banda a mpira! Loŵani, adadi ali pa khonde."

A Sakala anali atakhala tsonga pa mpando, atatsamira mapilo awiri. Anavala patapata, chifukwa mapazi anali atatupa ngati mikate. Nkhope inali yodzaza, maso ang'onoang'ono, ndipo ankapuma ngati munthu amene wangokwera masitepe. Pa tebulo panali botolo la chakumwa chakuda, latheka, ndi mbale ya chikanda, chakudya chija cha nsinjiro zambiri.

"A Banda," anatero. "Mwasochera?"

"Ndimadutsa."

"Kuchokera ku Chelstone."

"Eya."

Chikondi atapita kukhitchini, anatulutsa kope lawo pansi pa pilo n'kunditsegulira. Munali mizere yojambulidwa ndi rula. Anandiuza motsitsa mawu, akupumira pakati, kuti pakatha milungu itatu kuli mwambo wovundukula mwala pa manda a akazi awo, kumudzi kupitirira Chipata. Kupita, kukhala ndi kubwerera kumafuna mlungu wathunthu.

"Ndiye ndikuphunzitsa thupi," anatero. "Timatha kale masiku awiri, Loweruka ndi Lamulungu. Mlungu uno ndifika asanu ndi limodzi. Ndikatero, asanu ndi awiri ndi nkhani ya kuwonjezera limodzi."

"Mukugona bwanji usiku?"

"Chokhala."

"Chifukwa?"

"Ndikagona chagada mpweya umathawa. Koma zimenezo ndi zoyembekezereka."

"Mwana mwamuuza chiyani?"

"Kuti andipatsa tchuthi. A Banda, musandiulule. Ndine munthu wamkulu."

Chikondi anabwera ndi thireyi: nsima, kapenta, masamba a maungu otendera amene timati chibwabwa, ndi majusi awiri a malalanje m'matambula aatali. Chinali chakudya chabwino, chophikidwa ndi chikondi chenicheni, ndipo pafupifupi chilichonse pa thireyipo chinali pa pepala la zoletsedwa limene anatipatsa kuchipatala. Ndinayang'ana a Sakala. Iwo anayang'ana mpanda.

"Mwanawe," ndinatero, "bambo ako sanapatsidwe tchuthi. Athawa makina kuyambira Lachitatu. Madzi afika m'chifuwa. Ayenera kupita kuchipatala tsopano lino, osati Lolemba."

Chikondi sanakuwe. Anaika thireyi pansi bwinobwino, anayang'ana mapazi a bambo ake ngati akuwaona koyamba, n'kulowa m'nyumba. Tinamva makiyi a galimoto.

"Sindikwera," anatero a Sakala. Mawu awo anali atasintha. "Pamene Esinati ankaikidwa, ine ndinali chigonere m'chipatala, mapaipi pakhosi. Manda ake sindinawaonepo. Zaka zitatu. Makina aja akandigwiranso, sandisiya."

Dzina la akazi awo ndinalimva tsiku limenelo koyamba. Kenaka ndinawakumbutsa kuti ine Khirisimasi yatha ndinali kwathu ku Katete masiku asanu ndi anayi. Sindinaphunzitse thupi. Ndinauza asisitala a ku dayalisisi kutatsala mwezi kuti ndinyamuke, iwo anaimba ku chipatala cha ku Chipata kumene kulinso makina, anandipezera mpando masiku atatu, n'kundipatsa kalata ndi zotsatira za magazi. Ndinatsuka magazi Lachisanu, Loweruka n'kukwera basi ndi nkhuku yanga yowiritsa ndi mpunga m'kontena, kuti ndisakopeke ndi nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa.

"Simunandiuzepo zimenezi," anatero.

"Ndinakuuzani. Munali pakati pofotokoza za penati."

Anaganiza. "Inali penati," anatero, n'kutambasula dzanja kuti ndiwadzutse.

Kuchoka pa khonde kufika pa galimoto ndi masitepe makumi awiri, ndipo tinapumira kawiri. Chikondi anayendetsa kudzera ku Kabulonga, manja onse pa chiwongolero. Pa maloboti ena mayi wogulitsa mapeyala anagogoda pawindo, n'kuwaonetsa a Sakala lalikulu kwambiri. Iwo anatseka maso. Ine ndinali kumbuyo nawo, ndikuwerenga kupuma kwawo mumtima, maapozi ali pamiyendo.

Tinafika kuchipatala 1 koloko itadutsa. Nesi amene anali pa ntchito anangoona mapazi, n'kuitanitsa njinga ya odwala. Adokotala atawapima ndi kuona magazi, anaitanira Chikondi pambali, ndipo ndinaona mwanayo akugwira khoma. Anawaika pa makina masana omwewo, n'kuwagoneka masiku awiri. Ine ndinadya dzira langa lachiwiri pa benchi ya panja, Chikondi n'kudzakhala pambali panga.

"Ankolo, nenze kubapasa jusi daily," anatero. "Nenze kukondwela ati bachila."

Ndinamuuza kuti pepala la zakudya ndili nalo kunyumba, ndidzamujambulira pa foni, ndipo si lalifupi monga anthu amaganizira: mazira, nkhuku, nsomba yaiwisi, kabichi, mpunga, nsima ya ufa woyera, chinanazi, ndiwo zamasamba zowiritsa n'kutaya madzi oyamba. Munthu amakhala, ndipo amanona. Anandipatsa nambala yake, n'kundiperekeza pa siteji. Ku Chelstone ndinafika 5 koloko, amake Dalitso ali pa geti.

Ulendowu unandiphunzitsa kanthu kochititsa manyazi. Zaka zitatu ndinkadziwa kulemera kwa a Sakala mpaka magalamu, chifukwa sikelo ili poyera, koma chimene chinkawalemera sindinachifunsepo. Mlungu wotsatira tinayendetsa pepala m'chipinda chathu, aliyense n'kulemba foni ya m'bale wake. Lachitatu a Sakala anabwerera pa mpando wawo, ndipo sanandilankhule ola loyamba lonse. Ola lachiwiri anapempha asisitala kuti aimbe ku Chipata.

Ku mwambo wa mwala uja anapita, ndi kalata m'thumba ndi Chikondi pa chiwongolero. Atabwerako ndinadikira kuti singano zilowe, makina ayambe kulira, ndipo ndinawafunsa mmene anayendera.

"Mwala ndi wabwino," anatero. "Anthu atabalalika ndinatsala ndekha, ndinakhala pansi. Ndinamuuza kuti pepa, ndachedwa zaka zitatu."

"Anati chiyani?"

Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi dzanja limodzi, pa malaya.

"Sanakwiye," anatero.