Lole ya Bambo Anga

Fomu yopempha thandizo la fizi ya ku koleji ndinadzazira pa Boma, m'kashopu ka fotokope, Tadala ataima pambali panga. Tadala tinali naye kalasi imodzi, ndipo bambo ake ali ndi chigayo ku Kaphuka. Nditafika pa funso lakuti makolo amagwira ntchito yanji, ndinaona maso ake ali pa cholembera changa. Manyazi anandigwira. Ndinalemba kuti bambo ali ndi lole yonyamula kachewere kupita ku Lilongwe.

Lole yake iti? Bambo ali ndi njinga yopanda mabuleki, amaimitsa ndi chidendene!

Thandizolo linali la ana osauka. Zinalembedwa pamwamba penipeni, ndipo ndinawerenga ndi maso angawa. Anandikana. Tadala analemba kuti kwawo amagona ndi njala, pano ali ku koleji. Ndikamukumbukira mtima umawira, koma chitsiru chenicheni ndimachiona pagalasi.

Bambo ndinawauza kuti anthu opereka thandizo aja amakondera. Mpaka lero akamapalira kachewere amalalata: "Anthu oipa amenewo! Sanaone kuti ndife amphawi?"

Ine ndimangoweramira khasu n'kuti, "Sanaone, bambo."