Mpeni wa a Khalid Sudya Galu

Pa Tsangano panalibe mbuzi yolowa m'chiwaya isanadutse m'manja mwa a Khalid. Wotsutsa akafunse kumsika. Mabutchala onse, ndi Akhristu omwe, ankakokera ziweto zawo kuseri kwa msika, pansi pa bulugama, kuti mkuluyu azinge, poti nyama yosazinga Msilamu sagula, ndipo butchala wanzeru sathamangitsa wogula.

Anali munthu wamfupi, chifuwa ngati mtondo, mawu ochita kuwapempha. Ntchitoyi anatengera kwa malume awo, pamodzi ndi mpeni wautali wa chigwiriro cha nyanga ndi mwala wakuda wonolera, wodyeka pakati ngati msana wa bulu. Lamulo la malumewo linali limodzi: koka kamodzi, chiweto chisadziwe kuti chafa.

Inawaononga ndi nkhunzi yochokera ku Mozambiki. Anyamata anaimanga mwaulesi, chingwe n'kumasuka, ndipo inawapanikizira dzanja lamanja kumtengo mpaka amayi a tomato anamva fupa likuthyoka. Kuchipatala cha ku Boma anawaika chikhakha. Pochichotsa, dzanja linatuluka louma pamfundo, lokhota. Kukoka mpeni ankathabe, imeneyo ndi ntchito ya phewa. Koma kunola n'kwa pamfundo, ndipo mpeni pamwala unkangopendama uku ndi uku. Akati anole, ndiye aubunthitsa. Eni ake ankadziwa. Akazi awo, mayi Lukia, ankadziwanso, chifukwa ubweya wa pamkono pa amuna awo, umene zaka zonsezi unkametedwa poyesa mpeni, unayamba kumera.

Zinaululika tsiku la msika. Fanizo, butchala wamtali wa pakamwa ponunkha kachasu, anabwera ndi tonde wa khosi lokhuthala. A Khalid anatchula dzina la Mulungu, nakoka. Mpeni unang'amba chikopa n'kuima pam'mero. Tonde anadzambatuka, magazi akuthovoka, nalowa pakati pa amayi a kabichi akulira ngati munthu, akugubuduza madengu a mbatatesi. Atamugwira, a Khalid anachita kumugwadira pakhosi n'kumucheka ngati thabwa.

"Madala, uku n'kuzinga kapena ukalipentala?" anatero Fanizo. "Mukananena ndikanabwera ndi sowo."

Anthu anaseka. Anthu omwewo amene akhala akudya za dzanja limenelo chibadwire, mano panja, opanda manyazi. Madzulo ake shehe wa pamzikiti anawatengera pambali.

"Achimwene, chiweto sichizunzidwa. Zikachitikanso, mpeniwo mupereke kwa wina."

A Khalid anasiya kaye kuzinga nayamba kusaka chonolera. Steve, wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi siteji, anati galayinda yake imatha zonse. Anayesera mpeni wa kukhitchini wa mayi Lukia. Moto thethethe, mpeni unatuluka wopsa, mano ngati a ng'ona.

"Uwu ukadulire matayala," anatero a Khalid.

Ku Boma kuli munthu wonola ndi mwala wa panjinga, dzanja lake labwino ndithu. Koma mpeni wozingira umafuna mwala m'mawa uliwonse, ndiye munthu angamakwere minibasi tsiku ndi tsiku chifukwa cha mbuzi ziwiri? Apo m'pamene Steve anatulutsa foni nawaonetsa kachipangizo ka azungu. Mpeni umapanidwa kuti usasunthe, mwala umamangidwa ku kandodo kachitsulo, kandodoko n'kulowa pabowo. Dzanja likhote, linjenjemere, mwala umadutsa njira imodzimodzi. Wina wobwera ku Joni anali nako kogulitsa. A Khalid anakatembenuza, kapulasitiki, kakafupi, theka la mpeni wawo.

"Aka n'ka anthu odula anyezi. Koma nzeru yake ndaiona. Steve, mwana wanga, panga changa."

Steve anapanga ndi thabwa, mabawuti ndi ndodo ya buleki ya njinga. Vuto linali mwala. Wa malume unali waukulu, ndipo pabwino panatsala m'mphepete mokha. Kunali koudula basi. A Khalid anaugwira okha pamene galayinda inkaudya, fumbi lakuda likuwathira kumaso. Sanaphethire. Zidutswa zotsala anakulunga m'mpango napita nazo kwawo.

Tsono masabata onsewo Fanizo ankapha yekha mbuzi kuseri kwa nyumba yake, n'kumauza Asilamu kuti azinga ndi a Khalid. Bodza limenelo likanafa tsiku limene mkuluyu akanabwerera pansi pa bulugama. Choncho atamva kuti chonolera chafika pamsika, anabwera atakhuta kale.

Anawapeza kuseri kwa khoma, poti mpeni sunoledwa chiweto chikuona. Mayi Lukia anali atagwira thabwa, mwala ukuyenda shwee, shwee. A Khalid anali atangomasula mpeni pomwe Fanizo anafika.

"Taonani, mpeni woyendera ndodo, wolumala ngati mwini wake."

Anachimenya theche chonoleracho. Thabwa linauluka n'kukawagunda mayi Lukia pachibwano, iwo n'kukhala pansi. Mpeni unali m'manja mwa a Khalid, wothwa kuposa tsiku limene unasulidwa, ndipo mimba ya Fanizo inali pompo, malaya osamanga. Ngakhale Fanizoyo mowa unamuthawa.

A Khalid anayang'ana mpeni. Anaukulunga bwinobwino m'nsalu yake naupereka kwa akazi awo.

"Gwirani, mayi. Uwu sudya galu."

Kenako anamulowa ndi mutu pachifuwa. Onse awiri anagwera m'ngalande yotayira magazi. Fanizo anatola chikuni nawaphwanya nacho pakamwa, dzino n'kudumpha. Anawamenyanso paphewa, pakhutu. A Khalid sanabwerere. Dzanja lija louma, limene linkakanika mwala, linapezeka kuti ndi chibonga chenicheni, silimva kuwawa. Linatera pamphuno pa Fanizo kamodzi, mphuno n'kugona cham'mbali. Linateranso. Mabutchala ena anachita kuwazulapo a Khalid, Fanizo akusanza matope ndi magazi a mbuzi za eni, akuitana amake. Zimutengere zomwezo.

Shehe anafika phokoso likutha. Anayang'ana Fanizo, anayang'ana nsalu ili m'manja mwa mayi Lukia, yoyera, yopanda dontho. Anangoloza mbuzi yaikazi imene butchala wina anamangirira pabulugama.

A Khalid anasukusula, nalavula magazi, nasamba m'manja mpaka m'zigongono. Anaimwetsa madzi mbuzi ija, naipatsa tsamba la kabichi, naigoneka pang'onopang'ono, mpeni ataubisa kumbuyo. Dzina la Mulungu linatuluka movutikira pamilomo yotupayo. Anakoka kamodzi.

Mbuzi inafa tsamba la kabichi lili m'kamwa.

Shehe anatembenuka nabwerera kumzikiti, mpeni anausiya komwe unali. Steve anatola chonolera, nawongola ndodo ya buleki pabondo pake, akutukwana chamumtima. Fanizo masiku ano amagulitsa nkhumba kutsidya kwa msewu, kumene safunsa za kuzinga, ndipo akamayankhula mphuno imaliza likhweru.

A Khalid akalipo pansi pa bulugama, dzino limodzi palibe. Ofuna kudziwa za mpeni wawo asavutike n'kufunsa. Angoyang'ana mkono wawo wamanzere: mbuu, wosalala, opanda ubweya ndi umodzi womwe.