Tsiku limene Thole anamwa mankhwala

Kwathu ku Mlangeni, msewu wochoka kudimba kupita ku tala uli ndi chitunda chimodzi chimene mpaka lero ndikachiona ndimayamba kuseka ndekha. Ndinali mu sitandade 4 chaka chimene bambo anagulitsa ng'ombe zathu ziwiri zapangolo, Bantomu ndi Chikasu, n'kugula pikiapu yakale yoyera. Anaitcha Thole. Ine chimwemwe chake! Poti kwathu kunalibe mwana wamwamuna, wokadyetsa ng'ombe ndinali ine, ndiye galimotoyo inandimasula ku minga ndi mame a m'mawa.

Amayi okha sanasekerere. Ndipo sanalakwe, chifukwa posakhalitsa Thole anayamba kutsokomola. Nthawi imeneyo petulo ankasowa, bambo ankagula wa m'zigubu kwa anyamata a m'malire, wina wofiirira ngati tiyi. Galimoto ikafika pokwera inkanjenjemera, kutsamwa, kenako zii. Mbatatesi zitakhwima, amayi ananena mosapsatira: "Bambo a Esinati, chigalimoto chanuchi chikalephera kutulutsa mbatatesi kudimba, chigulitsidwe, ng'ombe zibwerere." Ine mtima unangoti phwii. Ndinadziona ndili kudambo kachiwiri, chikoti m'manja.

Loweruka lake bambo anabwera kuchokera ku Manjawira ndi kabotolo kofiira ka khosi lalitali. Anakagula m'sitolo ya Che Saidi, Msilamu wina wogulitsa zipangizo za galimoto. Bambo eni ake anatiuza kuti Che Saidi anawachenjeza kuti mankhwalawo amangotsuka mwaye wochepa m'njira za petulo, sachiza matenda onse. Koma m'makutu mwa bambo munangotsala mawu amodzi: amatsuka. Munthu woti wakula ndi ng'ombe, anangomva kuti awa ndi mankhwala a njoka za m'mimba, basi.

Ndiye anachita monga ankachitira ndi Bantomu. Anati mankhwala samwera pamimba yokhuta, choncho Thole anagona ndi njala, thanki ili pafupi kuuma. M'mawa, kukuzizira koti mano gwegwegwe, anandiitana kuti ndigwire fanulo. Fungo lake linali lobaya m'mphuno, loposa palafini. Bambo ankathira pang'onopang'ono, dzanja lina akusisita galimoto pambali, akuinyengerera kuti, "Meza, mwana'nga, meza." Atatha anathiramo petulo wa m'chigubu yemwe uja, n'kuliza injini.

Amayi ine! Kumbuyo kunatuluka utsi wakuda bii, nkhuku zonse balalabalala. "Zikutuluka! Anangozo, bwerani mudzaone, zikutuluka!" anafuula bambo, kuitana amayi ndi mfunda wawo. Ine ndinali kudumphadumpha, ana a pafupi akuthamangira mu utsimo ngati ndi mvula yoyamba. Amayi anangosuzumira pakhomo, chitenje kumphuno, n'kubwereranso.

Kupita kudimba Thole anathamanga ngati wabadwa dzulo. Ine ndinakhala kutsogolo, chigongono pawindo, ndikubayibitsa aliyense, ngakhale mbuzi. Tinapakira matumba mpaka galimoto inakhala pansi, dothi lofiira la mbatatesi lili m'tsitsi ndi m'kamwa momwe. Pobwerera tinayamba chitunda chija ndi liwiro, bambo akuimba nyimbo ya ngoma, akumenya chiwongolero. Tili pakatikati, Thole anatsokomola kamodzi, kawiri, n'kuzima. Ndinadumpha n'kuika mwala kutayala, misozi ili m'maso.

Anthu anasonkhana, kukankha, koma katunduyo anali wosati masewera. Kenako kumusi kunamveka mabelu. Anali a Ndau, amene anagula ng'ombe zathu, akubwera ndi ngolo yopanda kanthu. Sanaseke, ulemu wawo. Anangomasula ngolo, n'kumangirira tcheni kutsogolo kwa Thole. Koma Bantomu ndi Chikasu anakana. A Ndau anakalipa, analiza chikoti, ng'ombe zili njo, zikungobzikula.

Pamenepo bambo anatsika m'galimoto, napatsa mnyamata wina chiwongolero. Anaima kutsogolo kwa goli, naimba likhweru lawo loitanira ng'ombe, lalitali lokwera kumapeto. Makutu a Bantomu anaima. Chikasu anatembenuka, nawanyambita dzanja. Ndiye zinakoka, abale! Tcheni chinati nga, matayala anayamba kugudubuzika, azimayi a m'midzi nthungululu, ife ana tikukuwa maina a ng'ombe mpaka mawu anatha. Ndinaiwaliratu kuti ndinali kumbali ya galimoto, osati ya ng'ombe. Tinafika pamwamba ngati tabwera ndi mkwatibwi.

Makaniko atabwera anamasula fyuluta yosefera petulo, naigogoda pamwala. Munatuluka matope ndi dzimbiri. Anati kabotolo sikakanatha kusungunula zimenezo, mwinanso kanangotakasa zinyalala za m'thanki. Anaika fyuluta yatsopano, natsuka thanki, Thole anachira. Amayi, ngakhale mlandu anawina, sanaumirire zogulitsa. Anati mbatatesi zatuluka ndithu, zilibe kanthu kuti wazikoka ndani. Anangolamula kuti petulo wa m'zigubu azisefedwa pa nsalu.

Masiku ano ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo pothira mafuta achinyamata amandionetsa timabotolo tomweto, tamitundumitundu. Nthawi zina ndimagula, galimoto ikakhala kuti yayenda kwambiri, koma ikayamba kutsokomola ndimathamangira kwa makaniko, osati ku botolo. Ngolo nazo zikuchepa, mbatatesi zikutuluka kudimba pa njinga zamoto. Thole anatha kalekale, chitsulo chake anagula a zitsulo zakutha. Bambo akalamba, zambiri aiwala, ngakhale mtundu wa galimotoyo sakuukumbukira. Koma mwezi watha nditawafunsa za chitunda chija, anangokweza mutu, naimba likhweru lija.