Keshya Wanu Wachita Maluwa

Abambo a Tadala, keshya uja wachita maluwa, koyamba chichokereni inu. Bwalo lonse langoti chikasu, ndikungoona ngati ndikulota.

Mukukumbuka tsiku lija ku nazale ku Khombedza? Ine ndinkalimbikira mbande za mango, ndimvekere, "Tizidzadya maluwa?" Inu munangoseka, n'kusankha kambande kowonda kuposa tina tonse. Munati, "Amayi a Tadala, nawonso maso amamva njala." M'minibasi munakafungatira ngati khanda kuopa kuti kangathyoke. Ndinkati mumchenga mwathu muno sikachedwa kuuma, koma lero mtengowo wapitirira denga, mwamuna wanga. Mdzukulu wanu amene simunamuone watola maluwa odzaza manja, akuti akawaike pamene mukugona. Tikubwera masana ano.