Khasu Loyamba ku Lirangwe

Pakhomo pathu ku Chileka wophunzira ndine. Ndinalowa koleji, ndinaiona bwinobwino, ndipo chaka chisanathe ndinaisiyira eni ake. Ndiye ababa atatuluka m'chipatala, atawaika chitsulo m'phewa lomwe linaphwanyika pa ngozi ya minibasi, udokotala unagwera ine popanda chisankho.

Dokotala weniweni anafuna kuwapatsa mofini, mankhwala amphamvu aja opha ululu. Ababa atangoona botolo anatembenukira kukhoma. Ndi omwewo ankamwa amayi mwezi wawo womaliza.

"Amenewo ndi otsanzikira," anatero. "Ine ndikupita kuti?"

Tinabwerera ndi panado basi. Chipatala changa chinali mtsuko wa madzi ozizira ndi kansalu kothimbirira koika paphewa. Kugona chagada kunkakanika, ndiye ndinkawatsamiritsa pa thumba la chimanga, iwo nkumakukuta mano ngati akutafuna mchenga. M'mawa uliwonse ankakwawitsa zala pakhoma monga anawalangizira kuchipatala, ine nkumalemba ndi khala pomwe afika.

"Lero mwaposa dzulo, ababa."

"Iwe ukanamaposa dzulo, bwenzi uli ndi satifiketi."

Sabata yachisanu kunabwera uthenga kuchokera ku Lirangwe, kwawo kwa ababa asanabwere kuno pa chikamwini. Mnzawo wa paubwana wamwalira. Awiriwa ankakumba limodzi manda ali anyamata, ndipo anapangana kuti wotsala ndiye adzagwetse khasu loyamba pa manda a mnzake. Koma dokotala anali atanenetsa kuti akakweza cholemera phewa lisanagwire, chitsulo chiguluka, ndipo dzanjalo mwina silidzagwiranso ntchito.

Tinapita. Minibasi ikagwa m'dzenje, ababa ankatseka maso, thukuta lili kamukamu. Kumanda adzukulu, okumba aja, anali akudikira, poti panganolo ankalidziwa. Anapatuka, wina nkuwapatsa ababa khasu.

Ndinawanong'oneza: "Ababa, chitsulocho chikaguluka sindidziwa kubwezera. Tsiku la phunziro limenelo ndinali nditachoka kale."

Sanaseke. Anagwira mpini ndi manja awiri, nkukweza mpaka palamba. Pamenepo nkhope yawo inasintha. Anayesanso. Khasu linafika pamchombo, nkuima. Anthu onse anayang'ana pansi, ena anapeza chochita ndi zipewa zawo.

Patapita nthawi anandipatsa khasulo, nkuyankhula ndi malemuwo akuyang'ana dothi.

"Achimwene, pepani. Ndatuma uyu. Sadziwa kukumba, koma ndi amene ndili naye."

Ndinagwetsa khasu. Linadumpha panthaka youma ngati landikana, koma kachitatu linalowa. Adzukulu anandilandira msanga, mwina pomvera chisoni malemuwo.

Ababa anakakhala pa chitsa, dzanja ataliyangata pachifuwa ngati khanda, ndipo sanachoke mpaka manda atatha. Pobwerera ndinawafunsa ngati phewa likuwawa, kuti titsike pa golosale ndipeze madzi ozizira.

"Likuwawa," anatero. "Lero lisiye."