Tcheni Yolongolola ya Bambo

Mpaka lero ndikamva tcheni ya njinga yamoto ikumenya chitsulo, chekete-chekete, miyendo yanga imafuna kuthamanga yokha. Ya bambo anga inkalira chomwecho. Iwo ankagwira ntchito yoperekera katundu pa kampani ina ku Heavy Industrial Area. Madzulo akakhota pakona ya msika wa Kabwata, phokoso la tcheni yakutha ija linkayamba ndilo kufika kunyumba, eni ake n'kumabwera pambuyo.

Phokosolo linali bwenzi langa lapamtima. Chaka chimenecho ndinali nditathyoka mkono posewera mpira ndi anyamata pabwalo la kuseri kwa mafulati, ndipo bambo anagamula pamaso pa aliyense kuti ndisadzapondeponso. "Mwila, nikakupeza futi ku gilaundi, holide yonse uzankhala ku Woodlands kuli ba anti." Azakhali angawo anali munthu wabwino, koma kwawo kunali mpanda wautali, geti lokhoma ndi galu wokalamba, popanda mwana ndi mmodzi yemwe. Ndinkaopa kumeneko kuposa chikwapu. Ndipo bambo akanena chinthu sankabweza.

Mkono unapola, tchuthi cha Ogasiti chinafika ndi mphepo yake youlutsa mapepala, ine n'kubwerera pabwalo. Mpira wathu unali wa mapulasitiki omanga ndi zingwe. Tinkasewera fumbi lofiira likulowa m'mano, fungo la chimanga chootcha likuchokera kumsika, makondakitala a maminibasi akuitanira za ku Cairo Road. Khutu limodzi ndinkalisiya kumsewu. Ndikangomva chekete-chekete, ndinkadumpha ngalande, kudutsa pansi pa zovala zoyanika za aneba, kutsira madzi kumapazi pampopi, n'kukhala pakhonde ndi buku ngati mwana wa abusa. Mayi ankangondiyang'ana n'kupitiriza kusadzula lepu.

Loweruka lina bambo anabwera ndi kabokosi kolemera, konunkha girizi watsopano. Munali tcheni yatsopano ndi zitsulo zina za njinga. Anaimika njinga pansi pa mtengo wa mapeyala, anayala thumba, n'kundandalika masipanala, pulayala, tupa, nyundo, ndi msomali waukulu umene anaudula nsonga. Anandiitana kuti ndidzaone mano a sipuloketi, gudumu laling'ono lija limene tcheni imakolapo. Manowo anali atapindika ngati minga ya mthethe. Anati tcheni yatsopano pa mano akutha sichedwa kutha, choncho zonse zisinthidwa pamodzi.

Ntchitoyo ankaigwira mosathamanga, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Anamasula nati yaikulu ya tayala lakumbuyo n'kulikankhira kutsogolo. Anapala mutu wa kapini kamodzi ka tcheni ndi tupa, anakagogoda ndi msomali uja mpaka kanatuluka, tcheni yakale n'kugwa pathumba ngati njoka yakufa. Anatsuka malo onse ndi palafini ndi mswachi wanga wakale, anamanga masipuloketi atsopano, kenako anakoleka tcheni yonyezimira. Pomaliza panali kakilipi kotsekera, kochepa ngati chikhadabo. Anakakankha ndi pulayala, mbali yake yotseka italoza kumene tcheni imapita, kuti kasadzathothoke panjira. Anakoka tayala pang'onopang'ono, akuyerekeza mbali zonse ziwiri, n'kumayesa ndi chala kuti tcheni isakhale yothina kapena yolendewera.

Atazunguza tayalalo, sipanamveke kanthu koma kamphepo chabe. Anamwetulira mokhutira, ine misozi ili pafupi. "Manje yaleka kukamba-kamba," anatero. Popukuta manja, maso awo anaima kanthawi pa maondo anga, pamene madzi a pampopi sankafika.

Lolemba ndinalumbira kuti sindipita. Koma anzanga anabwera kudzaima pawindo, akuti alibe woteteza kumbuyo, ndipo mtima wanga sunali wachitsulo. Ndinasewera moipa tsiku limenelo, khosi likungotembenukira kumsewu. Njinga zinkadutsa zambiri ndipo zonse zinkalira mofanana. Dzuwa litapendeka ndinayamba kuona geti la ku Woodlands m'maso mwanga.

Kenako pakona ya msika panalira hutala, katatu, yosasa mawu ngati tambala wachimfine. Hutala yolira choncho inali ya bambo okha ku Kabwata konse. Ndinathamanga ngati sindinathamangepo. Pamene ankalowa pabwalo la nyumba mwakachetechete, anandipeza pakhonde, buku lili chadodolido, ndikupuma ngati galu.

Mawa lake inaliranso, mkuja chimodzimodzi, mpaka tchuthi chinatha. Ndinkati mwina apeza mnzawo pakona paja amene amamupatsa moni, ndipo ndinkamudalitsa munthu ameneyo popanda kumudziwa. Ku Woodlands sindinapite. Ndinkadziona wochenjera kuposa wina aliyense m'nyumba mwathu.

Panopa ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kulemera kwa mawu amene kholo lanena lili ndi mantha, n'kusowa pobwezera. Pakona paja pankakhala amayi ogulitsa tomato basi, ndipo bambo sanali munthu woimbira anthu hutala. Nditawafunsa tsiku lina, atakalamba kale, anayang'ana kumbali ngati sakukumbuka bwino. "Hutala ifunika kuitesitinga," anatero. "Ukaileka chabe, imafa."