Sekondi Imodzi ya a Lindsay Prendergast

Kalabu yathu ya mpira wa ku Australia, wololedwa kugwira ndi manja, ku Wattleford mumzinda wa Melbourne, inakhala zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo pa zaka zonsezo inatenga chikho kawiri kokha, konseko nkhondo yachiwiri isanayambe. Koma mukanamva anthu ake akudzitama pa bala Loweruka masewera atatha, mukanayesa kuti Melbourne yense ankatigwadira. Ine ndinagulitsa mapayi a nyama pazenera la kantini zaka zoposa makumi anayi, choncho mabodza awo ndinawamva onse, ena mpaka ndinawaloweza. Munthu mmodzi yekha pakalabupo sankadziwa kunama, a Lindsay Prendergast, ndipo chimenecho n'chimene chinawapweteketsa.

A Lindsay ankagwira ntchito kunjanji. Anasewera zaka zitatu zokha, bondo n'kuthyoka, ndipo mu 1961 anawapatsa wotchi kuti azisunga nthawi. Loweruka lililonse ankakwera kakanyumba ka matabwa pamwamba pa sitandi, tiyi wawo m'fulasiki, n'kukhala pambali pa wosunga nthawi wa timu inayo. Nthawi ikakwana ankadina batani, sailini n'kulira. Sanajombepo, kaya kugwe mvula yotani.

Chimene ankafuna pamoyo wawo chinali chimodzi. M'chipinda cha kalabu munali bolodi lalikulu la mamembala a moyo wonse, maina olembedwa ndi utoto wagolide. Munthu akatumikira zaka makumi awiri, dzina lake linkapita kumsonkhano wa pachaka, anthu n'kukweza manja. Dzina la bambo awo linali pamenepo, lachinayi kuchokera pamwamba. A Lindsay ankafuna lawo likhale pabolodi lomwelo, basi.

Mu 1974 tinafika mu fainolo, kukumana ndi Tarnside, adani athu a kutsidya kwa njanji. Kutatsala pang'ono kuti masewera athe, iwo ankatsogola ndi mapointi atatu. Mpira unamenyedwa m'mwamba kulunjika kwa Rodney Calleja, womwetsa zigoli wathu, ali yekhayekha kutsogolo kwa golo. Akanauwakha sailini isanalire, akanaloledwa kumenya ngakhale nthawi itatha, ndipo chigolicho, chomwe pampirawu ndi mapointi asanu ndi imodzi, chikanatipatsa chikho. Wosunga nthawi wa Tarnside anali ataimirira, manja kumutu, wotchi ataiiwala. Palibe akanadziwa a Lindsay akanachedwetsa chala. Koma iwo anayang'ana wotchi, anaona kuti nthawi yakwana, n'kudina mpira udakali m'malere. Rodney anauwakha sekondi imodzi pambuyo pake.

Pamene a Lindsay ankatsika makwerero, Rodney anali atawadikira pansi, nkhope ili psuu.

"Inu a Lindsay, kodi chala chimakuyabwani? Mumadya kwa ndani, kwa ife kapena kwa a Tarnside?"

"Nthawi inatha, Rodney."

"Nthawi inatha! Tamverani anzanga, wotchi yawo ndi ya kumwamba iyi, amaitchera ndi angelo!"

"Inatha," anabwereza a Lindsay, n'kupita kukatsuka fulasiki yawo.

Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndinene chimene buku la mbiri ya kalabu silinena. Rodney anali ataphonya kale kasanu masana omwewo, kawiri ali pamalo omwewo. Koma chigoli chosamenyedwa sichiphonya. Rodney anachidyera chigoli chimenecho moyo wake wonse. Chinamumwetsa mowa waulere, chinamupezera mkazi, kenako chinamukhazika pampando wa tcheyamani zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka ndi chaka mtunda unkafupika. Poyamba ankati anali mamita makumi atatu kuchokera pagolo. Pofika m'ma 1990 mukanati anali atatsamira mtengo wa golo weniweniwo.

Dzina la a Lindsay linapita kumsonkhano koyamba mu 1981. Anavala tayi, nsapato atapolisha, n'kukhala mpando wakutsogolo. Manja amene anakwera anali atatu, limodzi langa. Anthu anayang'ana pansi ngati ataya singano.

Chaka chotsatira zinali chimodzimodzi, chinacho chimodzimodzi. Pabolodipo panalembedwa mlamu wake wa Rodney, amene anatchetcha udzu zaka zinayi. Panalembedwa bambo wina amene anapereka firiji. Firijiyo inafa chaka chake chisanathe, koma dzina linakhala, likunyezimira. A Lindsay ankawomba nawo m'manja, kenako Loweruka n'kukweranso makwerero awo. Kuwachotsa pantchito anthu sanawachotse, pakuti ndani akanafuna kukhala pamphepo maola atatu mowa uli pansi?

Tsiku lina ndinawapatsa payi, mtima utandiwawa.

"A Lindsay, bwanji osangowatayira wotchi yawoyo? Anthu awa sakuonani ngati munthu."

"Ndiye aimba sailini ndani, mayi Glenda?"

"Aimbe ndi pakamwa, si ali ndi pakamwa pakulupakulu!"

Anaseka pang'ono. "Chaka chamawa mwina. Anthu amaiwala."

Anthu athu ankaiwala kubwera kumapulakatisi, ankaiwala kuchapa majezi, ena ankaiwala ndi ana awo omwe m'galimoto. Sekondi imodzi ija yokha ndiyo sankaiwala. Anyamata obadwa 1974 itadutsa kalekale ankati akalephera masewera, n'kumakuwa moyang'ana kukanyumba kaja, "Madala, lero mwafulumiranso!" Ankayesa nthabwala. Timu ikakhala yopanda pake imafuna munthu womuloza chala, ndipo yathu inali naye wokonzeka, wobwera yekha ndi tiyi wake.

Kenako Wattleford inasintha. Mafakitale anatsekedwa, nyumba zinagulidwa ndi anthu amene ana awo ankasewera zina. Pofika 2011 tinkalephera kukwanitsa osewera khumi ndi asanu ndi atatu ofunika pabwalo. Komiti inagwirizana zophatikiza kalabu yathu ndi ina, ndipo inayo inali Tarnside yomweyo. Bwalo lawo, majezi awo, dzina lawo. Ife tinangoperekako mbaula yowotchera masoseji.

Msonkhano wotsiriza unachitika Lamlungu masana. Makoma anali atayera kale, zithunzi zili m'makatoni, bolodi la golide litatsamira chafufumimba pafupi ndi chitseko kudikira lole yopita nalo kugalaja ya winawake. Rodney anaimirira, mimba itatsogola, mawu akunjenjemera ngati mlaliki wa pamaliro.

"Abale anga, tisanatseke, pali munthu watitumikira zaka makumi asanu. Zakale ndi zakale. Ndikupempha kuti a Lindsay Prendergast akhale membala wa moyo wonse."

Manja onse anakwera, m'chipinda monse. Anthu omwe aja amene ankayang'ana pansi zaka makumi atatu, lero anakweza manja mpaka m'khwapa kuoneka, ena akupukuta misozi, kusangalala ndi kukoma mtima kwawo. Kalabu inali itatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. Wolemba maina ndi utoto sanaitanidwe n'komwe. Anawapatsa kapepala kosindikiza pakompyuta, kopanda ndi fulemu yomwe.

Ine langa sindinakweze. Zinandinyansa.

A Lindsay anaimirira movutika chifukwa cha bondo lija, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, tayi ili pakhosi. Ndinkayembekeza kuti mwina lero alankhula, awauze za kuphonya kasanu kuja, awauze za firiji. Koma anagwira dzanja la Rodney ndi manja awiri, n'kuthokoza komiti, kuthokoza osewera, kuthokoza aliyense.

Ndinawapeza panja akudikira basi, kapepala kaja atakalowetsa m'jekete kuti kasanyowe.

"A Lindsay, mwawathokoza chiyani anthu amenewa? Akupatsani mpando m'nyumba yoti akuigwetsa Loweruka!"

Anandiyang'ana, maso ali mbuu ndi misozi, koma nkhope yowala ngati ya mwana.

"Mayi Glenda, inu simukumvetsa. Andikhululukira."

"Akukhululukirani chiyani? Munalakwa chiyani inu?"

Anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu. Basi itafika anakwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira pajekete.